Mmene mungayambire kulemba ndi kukonza nkhani pa Wikipedia mwadongosolo

Wikipedia, nkhokwe ya nkhani zofotokoza zinthu zosiyanasiyana ya pa intaneti imene aliyense angalembemo, inayamba pa 15 Januwale 2001, ndipo amene anaiyambitsa ndi Jimmy Wales ndi Larry Sanger. Lero ikupezeka m'zinenero zoposa 300, ndipo ya Chingerezi yokha ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni. Ya Chichewa nayo ilipo pa adiresi ya ny.wikipedia.org, koma nkhani zake n'zochepa kwambiri, ndipo zambiri mwa izo ndi za mizere iwiri kapena itatu basi. Bungwe la Wikimedia Foundation, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003, limasamalira makompyuta amene amasunga zonsezi, koma silolemba nkhani. Olemba ndi anthu odzipereka ngati inu ndi ine, ndipo n'chifukwa chake aliyense amene akulowa kumene ayenera kudziwa malamulo ndi ulemu umene anthuwa anagwirizana, kuti ntchito yake isafufutidwe ndiponso kuti asakhumudwe n'kusiya asanafike patali.

Kutsegula akaunti

Yambani ndi kutsegula akaunti. N'zotheka kukonza masamba ambiri popanda akaunti, koma mukakhala nayo, zonse zimene mwalemba zimasungidwa pansi pa dzina limodzi, anzanu amatha kukulemberani uthenga, ndipo akaunti yomweyo imagwira ntchito pa Wikipedia ya chinenero chilichonse komanso pa Wikimedia Commons, kumene kumasungidwa zithunzi. Lingalirani bwino musanasankhe dzina. Chilichonse chimene mungalembe chidzaoneka kwa anthu onse kwa zaka zambiri, choncho ngati mukufuna kulemba za ndale, za zipembedzo kapena za mikangano ya ufumu, ndi bwino kusagwiritsa ntchito dzina lanu lenileni. Musatenge dzina la kampani, la mpingo, la sukulu kapena la bungwe limene mumagwirako ntchito, chifukwa akaunti imayenera kukhala ya munthu mmodzi, ndipo maina oterowo kawirikawiri amaletsedwa. Ikani adiresi ya imelo kuti mukaiwala mawu achinsinsi mudzathe kulowanso. Pa tsamba la akaunti yanu mukhoza kulembapo mwachidule zinenero zimene mumadziwa ndi nkhani zimene zimakusangalatsani, koma musaikepo nambala ya foni, malonda kapena mbiri yofunsira ntchito.

Kuwerenga musanalembe

Mukatsegula akaunti, musathamangire kulemba nkhani yatsopano. Tengani nkhani zingapo zolembedwa bwino pa mutu umene mumaudziwa, muziwerenge mofatsa, ndipo muone mabatani amene ali pamwamba pa tsamba. Batani la Edit ndi lokonzera. La Talk limakufikitsani kumene olemba amakambirana za nkhaniyo, ndipo la View history limaonetsa aliyense amene anasinthapo kanthu, tsiku limene anasintha ndi chimene anasintha. Mbiri imeneyi ndi yofunika kuimvetsa msanga, chifukwa imatanthauza kuti palibe chimene mungawonongeretu: mukalakwitsa, wina kapena inu nomwe mukhoza kubwezeretsa tsamba mmene linalili. Palinso tsamba loyeserera lotchedwa sandbox, limene mungalembemo, kufufuta ndi kuyambiranso mmene mungafunire popanda kusokoneza nkhani ya wina aliyense.

Kuyamba ndi zing'onozing'ono

Ntchito zoyamba zikhale zopepuka, monga kukonza mawu olembedwa molakwika, kuwongola chiganizo chosamveka, kapena kuwonjezera gwero (buku, nyuzipepala kapena lipoti kumene mfundo yachokera) pa mfundo imene ilibe umboni. Musanasunge, dinani batani loonetsa mmene tsamba lidzaonekere, kenako lembani m'kabokosi ka Edit summary chimene mwachita. Mawu ochepa ndi okwanira, monga akuti "ndakonza chaka chobadwa malinga ndi gwero lachiwiri" kapena "ndachotsa chiganizo chobwerezedwa". Olemba atsopano ambiri amasiya kabokosika kopanda kanthu, koma dziwani kuti munthu amene akuyang'anira tsambalo akaona kuti ndime yonse yachotsedwa popanda chifukwa cholembedwa, amaganiza kuti ndi wowononga, ndipo amabweza nthawi yomweyo. Chizindikiro cha minor edit, chosonyeza kuti mwasintha chinthu chaching'ono, muzichigwiritsa ntchito pa zinthu zimene palibe angatsutse, monga mpumiro kapena chilembo chosowa. Kusintha chaka, nambala kapena tanthauzo la chiganizo si chinthu chaching'ono, ngakhale mutasintha chilembo chimodzi chokha.

Pa Wikipedia ya Chingerezi, akaunti yatsopano siloledwa kuika nkhani yatsopano mwachindunji mpaka itakwanitsa masiku 4 ndi kukonzapo maulendo 10. Pa ya Chichewa zinthu n'zomasukirapo, koma ndikulangizani kudziikira nokha malire ofananawo.

Magwero

Apa ndi pamene pali mtima wa ntchito yonse, ndipo ndi pamene anthu athu ambiri amakhumudwira. Wikipedia salandira mfundo chifukwa choti wolembayo akuidziwa, kapena anaona ndi maso ake, kapena anauzidwa ndi agogo ake. Imalandira mfundo imene inasindikizidwa kale m'malo odalirika, kumene wowerenga wina angapite n'kukaitsimikizira yekha. Chifukwa chake n'chomveka mukachiganizira: pa intaneti palibe amene angadziwe ngati wolembayo ndi mphunzitsi wa mbiri yakale wa ku Zomba kapena mwana wa sukulu amene akungoseweretsa foni, choncho chimene chimayesedwa ndi umboni umene waikidwa pa tsamba.

Taonani chitsanzo ichi. Munthu akhoza kulemba kuti kuukira kwa John Chilembwe kunayamba pa 15 Januwale 1915, poganizira kuti limeneli ndi tsiku limene Amalawi amamukumbukira chaka chilichonse. Akulemba ndi mtima wabwino ndipo sakukayika n'komwe, koma mabuku a mbiri amasonyeza kuti kuukirako kunayamba pa 23 Januwale 1915. Akanati afufuze gwero asanalembe, akanaona yekha kusiyanako. Lamulo la magwero limateteza owerenga, komanso limateteza wolembayo ku zinthu zimene amaganiza kuti amazidziwa bwino.

Magwero odalirika ndi monga mabuku otuluka ku makampani odziwika osindikiza, magazini a kafukufuku monga The Society of Malawi Journal, nyuzipepala zokhala ndi akonzi monga The Nation ndi The Daily Times, ndiponso malipoti a mabungwe monga National Statistical Office kapena UNESCO. Mukalemba kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malawi, ikani lipoti la kalemberayo ndipo tchulani chaka m'chiganizo momwemo, chifukwa nambala yopanda chaka imasocheretsa owerenga pakapita nthawi. Uthenga wa pa WhatsApp, zolemba za munthu pa Facebook, mavidiyo a munthu wamba pa YouTube ndi masamba amene aliyense angadzilembere yekha si magwero odalirika. Ngakhale Wikipedia yeniyeniyo si gwero: simungatsimikizire nkhani ya Chichewa potchula nkhani ya Chingerezi, koma muyenera kupita ku magwero amene ya Chingereziyo inagwiritsa ntchito, muwaone nokha, kenako muwatchule.

Poika gwero, dinani pamapeto pa chiganizo, kenako dinani batani la Cite. Ngati gwerolo lili pa intaneti, ikani linki yake ndipo nthawi zambiri zina zonse zimadzaza zokha, komabe muziyang'ane ngati zalondola. Ngati ndi buku, lembani dzina la wolemba, mutu, chaka, osindikiza ndi nambala ya tsamba. Nambala ya tsamba musaisiye, chifukwa palibe amene angawerenge buku lonse pofuna kutsimikizira chiganizo chimodzi. Gwero silikakamizidwa kukhala la pa intaneti kapena la m'chinenero chimodzi ndi nkhaniyo. Buku la m'laibulale kapena nyuzipepala yakale yosungidwa ku National Archives ku Zomba ndi zovomerezeka, bola zitchulidwe mokwanira.

Sindingabise kuti lamulo limeneli limatipweteka ife amene nzeru zathu zambiri zili m'kamwa mwa akuluakulu. Mbiri ya mafumu ambiri, maina a malo ndi matanthauzo ake, kaphikidwe ndi kakulidwe ka mbewu zina, zonsezi zimadziwika bwino m'midzi koma sizinalembedwe. Ndimaona kuti ndi kutaya kwakukulu, koma njira yake si kuzilowetsa mokakamiza, chifukwa zidzafufutidwa ndipo mudzangotaya mtima. Njira yake ndi kufufuza kaye, popeza zinthu zambiri zimene timaganiza kuti sizinalembedwe zimapezeka m'mabuku a ofufuza, m'zolemba za m'mayunivesite ndi m'malipoti akale. Gule Wamkulu, mwachitsanzo, unalengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kukhala chimodzi mwa zikhalidwe zamtengo wapatali za anthu, ndipo zolembedwa za Gule Wamkulu n'zambiri. Zimene sizinalembedwe kulikonse ziyenera kuyamba kusindikizidwa kwina, kenako zidzalowe mu Wikipedia.

Kulemba mosakondera

Mfundo ina yaikulu ndi yakuti nkhani ifotokoze maganizo onse odziwika pa mutuwo, aliwonse molingana ndi kulemera kwake m'magwero, popanda wolemba kusankha mbali. Nyanja imene ife timaitcha Nyanja ya Malawi, ku Tanzania amaitcha Lake Nyasa ndipo ku Mozambique amati Lago Niassa. Dziko la Malawi limanena kuti malire ake kumpoto ali m'mphepete mwa nyanja kumbali ya Tanzania, potengera pangano la mu 1890 pakati pa Britain ndi Germany, pamene Tanzania imanena kuti malire ayenera kudutsa pakati pa nyanja. Inu monga Mmalawi mukhoza kukhala ndi maganizo olimba pa nkhaniyi, koma pa Wikipedia mudzalemba kuti "boma la Malawi limanena zakuti" ndi "boma la Tanzania limanena zakuti", chilichonse ndi gwero lake, n'kumusiya wowerenga aone yekha.

Chenjerani ndi mawu otamanda, chifukwa m'chinenero chathu amabwera okha. Mawu monga "ngwazi", "katakwe", "wotchuka kwambiri" kapena "mtsogoleri wokondedwa" ndi oyenera pa mwambo kapena pa maliro, koma mu nkhani ya Wikipedia mumalemba zimene munthuyo anachita: anajambula nyimbo zakuti m'chaka chakuti, anapambana mphoto yakuti, anakhala pa udindo wakuti kuchokera chaka chakuti. Mawu onyoza nawonso achotseni. Ulemu wa Chichewa sukutayika mukatero, popeza mukhoza kulemba mwaulemu popanda kuunjika maudindo ndi matamando pa dzina la munthu nthawi iliyonse likatchulidwa.

Nkhani za anthu amoyo zimafuna kusamala kuposa zina zonse. Mu 2005, munthu wina analemba pa Wikipedia ya Chingerezi bodza lakuti mtolankhani wa ku America, John Seigenthaler, anaganiziridwapo kuti anakhudzidwa ndi kuphedwa kwa John F. Kennedy ndi Robert Kennedy, ndipo bodzalo linakhala pa tsamba kwa miyezi pafupifupi inayi lisanachotsedwe. Zimenezi zinachititsa kuti malamulo okhudza anthu amoyo akhwimitsidwe. Lero mfundo iliyonse yoipitsa munthu wamoyo imene ilibe gwero lolimba imayenera kuchotsedwa nthawi yomweyo popanda kudikira zokambirana. Mphekesera za katangale, za matenda, za ufiti kapena za m'banja musaziike, ngakhale tauni yonse ikuzikamba. Munthu amene wamangidwa kapena kuimbidwa mlandu musamulembe ngati wolakwa khoti lisanagamule.

Kusakopera za ena

Musakopere ndime kuchokera m'buku, m'nyuzipepala kapena pa tsamba lina la pa intaneti n'kuziika pa Wikipedia, ngakhale mutatchula gwero lake. Werengani, mvetsani, tsekani bukulo, kenako lembani m'mawu anuanu. Kumasulira ndime ya munthu wina liwu ndi liwu kuchokera m'Chingerezi n'kukoperanso. Chifukwa chake ndi chakuti zonse zolembedwa pa Wikipedia zimaperekedwa pansi pa chilolezo cha Creative Commons chotchedwa CC BY-SA, chimene chimalola aliyense kuzigwiritsa ntchito, kuzisintha ngakhale kuzigulitsa, bola atchule kumene zachokera ndipo nayenso azipereke pansi pa chilolezo chomwecho. Simungapereke mwanjira imeneyi chinthu chimene si chanu. Mvetsaninso kuti mukadina batani losunga, mwavomereza kuti ena adzasintha mawu anu, ndipo simungabweze chilolezocho.

Zithunzi nazo zimatsata lamulo lomweli. Chithunzi chimene mwapeza pa Google kapena pa Facebook ndi cha amene anajambula, ngakhale munthu amene akuonekamo ndi inuyo. Koma chithunzi chimene mwajambula nokha cha phiri la Mulanje, cha msika wa kwanu, cha mtondo ndi munsi kapena cha chambo chili pa moto, mukhoza kuchiika pa Wikimedia Commons, ndipo zithunzi zotere zikusowa kwambiri. Lembani bwino malo ndi tsiku limene munajambula, ndipo ngati m'chithunzimo mukuoneka anthu pafupi, makamaka ana, pemphani chilolezo kaye.

Kuyamba nkhani yatsopano

Mukazolowera, fufuzani kaye ngati nkhani imene mukufuna kulemba ilipo kale pansi pa dzina lina. Kenako dzifunseni ngati mutuwo unalembedwapo mozama ndi magwero angapo odalirika amene sali pa ubale ndi mwiniwakeyo. Dzina kungotchulidwa pa mndandanda, kapena chikalata cholengeza chochokera ku kampani yomweyo, sizokwanira. Sonkhanitsani magwerowo musanalembe chiganizo choyamba, lembani mu sandbox, ndipo chiganizo choyambacho chinene momveka kuti chinthucho n'chiyani, chili kuti ndipo n'chodziwika ndi chiyani. Nkhani yaifupi yokhala ndi magwero atatu abwino imakhalitsa kuposa yaitali yopanda umboni.

Musalembe za inu nokha, za abale anu, za abwana anu, za mpingo umene mumatsogolera kapena za bizinesi yanu. N'kovuta kusakondera pa zinthu zotere ngakhale mutayesetsa. Ngati mwaona cholakwika m'nkhani yokhudza inu kapena bungwe lanu, lembani pa tsamba la Talk, nenani poyera ubale wanu, perekani gwero, ndipo musiyire ena kukonza. Ngati mukulipidwa kuti mulembe, malamulo a Wikimedia Foundation kuyambira mu 2014 amafuna kuti muulule amene akukulipirani, ndipo kubisa zimenezi kumachititsa kuti akaunti itsekedwe.

Kumasulira

Njira yofulumira yokulitsira Wikipedia ya Chichewa ndi kumasulira nkhani za m'zinenero zina, ndipo pali chida chotchedwa Content Translation chothandiza pa ntchitoyi. Kumasulira kuchokera ku Wikipedia ina n'kololedwa, bola munene mu Edit summary kuti mwamasulira kuchokera ku nkhani yakuti. Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse ndi chakuti musasunge zimene makina amasulira musanaziwerenge ndi kuzilembanso. Mu 2020 zinadziwika kuti nkhani masauzande ambiri za pa Wikipedia ya chinenero cha Scots, cha ku Scotland, zinalembedwa ndi wachinyamata wina wa ku America amene sankachidziwa chinenerocho, ndipo eni chinenero anakhala ndi ntchito yaikulu yokonza ndi kufufuta. Chinenero chimene chili ndi zolembedwa zochepa pa intaneti chimavulala msanga ndi zoterezi, chifukwa ana a sukulu ndi ophunzira chinenero amatenga zimene apezazo ngati Chichewa chenicheni. Werengani chiganizo chilichonse mokweza, ndipo ngati simungachiyankhule chonchi kwa munthu wamkulu iye n'kumva, chilembeninso. Kumbukiraninso kuti tsambali timagawana ndi anzathu a ku Zambia ndi ku Mozambique, amene kalembedwe ndi mawu awo ena amasiyana ndi a ku Malawi. Musasinthe nkhani yonse ya mnzanu chifukwa chongofuna kuti imveke ngati ya kwanu. Ngati kusiyanako kukusokoneza, kambiranani kaye.

Zimene mwalemba zikabwezedwa

Tsiku lina mudzapeza kuti ndime imene munaivutikira yachotsedwa. Zimachitikira aliyense, ndipo kawirikawiri sizitanthauza kuti wina akudana nanu. Tsamba la Wikipedia lili ngati mjigo wa m'mudzi, umene ngakhale amene anathandiza kukumba sangaumangire mpanda. Choyamba pitani ku View history mukawerenge chifukwa chimene mnzanuyo walemba. Ngati wanena zoona, konzani ndipo mumuthokoze. Pali kabatani ka thank pafupi ndi zimene anasinthazo. Ngati simukugwirizana naye, musabwezeretse mawu anuwo. Pitani pa tsamba la Talk, yambitsani mutu watsopano, fotokozani mwachidule chimene mukufuna chilembedwe ndi gwero lake, kenako dikirani. Kudikirako kungatenge masiku, chifukwa anthuwa ali ndi ntchito zawo ndipo ena ali m'mayiko amene kukuda pamene kwanu kukucha.

Pa Wikipedia ya Chingerezi pali lamulo lakuti munthu asabweze zolemba za ena pa tsamba limodzi koposa maulendo 3 m'maola 24, ndipo wophwanya lamuloli amaletsedwa kulemba kwa kanthawi, ngakhale mfundo yake itakhala yolondola. Musatenge nambalayi ngati chilolezo chobwezera katatu, chifukwa kulimbirana tsamba kumalangidwa ngakhale musanafikepo.

Pokambirana, kambani za chiganizo ndi gwero, osati za munthu. Musafunse mnzanu kuti ndi wa mtundu wanji, wa chipani chanji kapena anaphunzira mpaka pati, ndipo inunso musagwiritse ntchito digiri kapena udindo wanu ngati umboni. Yambani ndi kuganiza kuti mnzanuyo akufuna zabwino, mpaka zochita zake zitasonyeza zina. Musalembe ndi zilembo zazikulu zokhazokha, chifukwa zimaoneka ngati mukukalipa. Musawopseze munthu ndi khoti, ndipo musaulule dzina lenileni kapena malo a wolemba mnzanu ngakhale mukumudziwa, popeza zimenezi ndi zina mwa zolakwa zimene zimatsekeretsa akaunti msanga. Mukamaliza uthenga wanu, sainani polemba tizizindikiro tinayi iti ~~~~, timene timasanduka dzina lanu ndi nthawi. Mukagwiritsa ntchito batani la Reply, kusainako kumachitika kokha. M'nkhani yeniyeni simusaina.

Pali chiyeso china chimene chimabwera mkangano ukakula: kutsegula akaunti yachiwiri kuti izioneka ngati munthu wina akukuvomerezani, kapena kuitana anzanu a pa gulu la WhatsApp kuti abwere adzakuikireni kumbuyo. Zonsezi n'zoletsedwa, ndipo pali anthu amene ali ndi zida zofufuzira maakaunti otere. Komanso sizithandiza, chifukwa zokambirana za pa Wikipedia sizigamulidwa powerenga manja, koma poona kuti mfundo za ndani zikugwirizana ndi malamulo ndi magwero. Mukalephera kumvana awirinu, pemphani wolemba wachitatu amene sanalowererepo kuti aone. Pa Wikipedia ya Chingerezi pali tsamba lotchedwa Teahouse, limene linakhazikitsidwa kuti atsopano azifunsirapo mafunso, ndipo funso lililonse limalandiridwa.

Kusamalira zimene mwayamba

Dinani kanyenyezi kamene kali pamwamba pa nkhani iliyonse imene mwagwirapo ntchito, kuti ilowe mu watchlist yanu, mndandanda wa masamba amene mukuwayang'anira, ndipo muzidziwa wina akasintha. Mukaona kuti munthu walemba zotukwana kapena wafufuta tsamba mwadala, bwezerani mmene linalili ndi batani la undo, lembani chifukwa, ndipo akapitiriza dziwitsani oyang'anira m'malo molimbana naye. Pa ma Wikipedia aang'ono, kumene oyang'anira ali ochepa, thandizo limachokeranso kwa anthu othandiza pa ma Wikipedia a zinenero zosiyanasiyana, otchedwa stewards ndi global sysops, amene mungawapeze kudzera pa Meta-Wiki, tsamba logwirizanitsa ntchito zonse za Wikimedia. Koma siyanitsani wowononga ndi munthu watsopano amene walakwitsa chifukwa chosadziwa. Wachiwiriyu mukamubwezera zolemba zake, mulembereni uthenga pa tsamba lake la Talk, mumupatse moni, mumuuze chiganizo chenicheni chimene chinali ndi vuto, ndipo ngati mungathe, mumusonyeze gwero limodzi limene angagwiritse ntchito kuti mfundo yakeyo ibwerere pa tsamba.